Mtembo umene unazimitsa magetsi

Pa mbali zonse za m'sewero, imene anthu amaipeputsa kwambiri ndi ya mtembo. Ilibe mawu oloweza, ilibe zovala zosintha, ndiye m'magulu ang'onoang'ono a zisudzo ngati lathu, momwe aliyense amabwera mongodzipereka ataweruka kuntchito, mbali imeneyi imagwera amene watsala. Pa sewero lathu lapitali wotsalayo ndinali ine. Ndinali kale wolemba, wotsogolera ndi wokhoma matabwa, ndipo mnyamata amene tinamusankha kuti afe atapeza ntchito ya usiku, gulu linagwirizana mosavuta kuti ndife ndine.

Nkhani yake inali yachidule. Bambo wina wabayidwa m'nyumba mwake chifukwa cha ngongole. Chigawo choyamba chimatha wapolisi akufunsa mkazi wamasiye mafunso, mtembo uli pansi pakati pawo, ndipo chigawo chachiwiri chonse ndi chofufuza amene wapha. Tsamba limodzi la sewero limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa siteji, ndipo kuchokera pobayidwa kufika pozimitsa magetsi panali masamba anayi. Mphindi zinayi zogona, anzanga akutuluka thukuta ndi mawu. Ndinaona kuti ndalemba bwino.

Kufa pa siteji kuli ndi malamulo ake. Sugwa thupi lonse kamodzi. Limayamba bondo, kenako chiuno, nthiti, ndipo mutu umafika pomaliza, kutsamira pa mkono wotambasula. Ugone cham'mbali utafulatira oonerera, chifukwa mimba ya munthu wogona chagada imakwera ndi kutsika, ndipo a mzere wakutsogolo amasiya kumvera sewero n'kuyamba kuiwerenga. Malaya akhale otakasuka. Upume pang'onopang'ono koma osagwira mpweya, pakuti wogwira mpweya posakhalitsa amaphulika ndi befu holo yonse n'kumva. Maso uwatseke mofatsa, zikope zofinya zimanjenjemera. Mkono winawo usaugonere, umachita dzanzi. Ndipo upite kuchimbudzi katani isanatsegulidwe. Zonsezi ndinazitsatira, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinandithandiza.

Magazi timapanga tokha. Makapu awiri a shuga ndi kapu imodzi ya madzi, kuwiritsa mpaka zisanduke manyuchi. Zikazizira umathiramo masupuni ang'onoang'ono awiri a utoto wofiira wa m'makeke, kadontho kamodzi ka utoto wabuluu, ndi supuni ya koko. Wofiira yekha pansi pa nyali amaoneka wowala kwambiri, anthu amaseka m'malo mochita mantha. Buluu ndi koko ndi zimene zimadetsa kuti aoneke magazi enieni. Umawathira m'kathumba ka pulasitiki kopyapyala, kumanga mothina kuti katupe, n'kukamata ndi tepi pa vesiti mkati mwa malaya oyera. Mpeni ndi wa thabwa, wosathwa, wopaka penti ya siliva, ndipo sukhudza kathumbako. Wobayidwayo ndiye amakafinya yekha ndi dzanja pamene akugwira bala. Mlingo wokwanira ndi masupuni aakulu anayi, mamililita 60. Koma pa kuyeserera komaliza, msungichuma wathu anakakhala pa mzere wakumbuyo n'kufuula kuti sakuona chilichonse, ndipo anthu akumbuyo nawonso amalipira pakhomo. Tinakweza mlingo kufika pa kapu yathunthu, mamililita 250, n'kubwerezanso kubayako kuti akhutire.

Holo imene timabwereka ilibe siteji. Timalumikiza nsanja zinayi za matabwa, iliyonse mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi, yokwera masentimita 40, n'kuzimanga ndi mabawuti kuti zisatalikirane. Ngakhale uzimange bwanji, pamene ziwiri zakumana pamatsala kampata. Chizindikiro changa cha tepi, pamalo pofera, chinali pakati penipeni pa siteji, kutanthauza pa kampata komweko. Usiku wa kuyesererawo manyuchi ambiri anatsikira pansi. Ife tinakolopa pamwamba mpaka matabwa kuwala, n'kutseka holo. Pansi pa nsanja palibe anasuzumira. Nyerere imodzi ikapeza shuga imabwerera ku una ikusiya kafungo m'njira, zinzake n'kutsata kafungoko, iliyonse ikuwonjezerapo kake. Zathuzi zinali ndi usiku wonse ndi tsiku lonse lokonza msewu.

Patsala anthu awiri oti muwadziwe. Woyamba ndi mnyamata wathu wa magetsi. Amakhala kumbuyo kwa holo ndi maswichi a nyali zinayi za mawati 500 iliyonse, ndi kope ya sewero momwe mzere uliwonse wosinthira kuwala uli ndi nambala yofiira pambali. Pa sewero lina anazimitsa msanga poganiza kuti nkhani yatha, ndiye ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti: "Iwe, ntchito yako si kuganiza. Dikira mawu. Ukapanda kumva mawu a m'buku, ngakhale denga ligwe, usakhudze swichi." Nambala 14, yozimitsa nyali zonse pakutha pa chigawo choyamba, inali pa mawu a wapolisi akuti: "Tsekani chitseko, asatuluke munthu!"

Wachiwiri ndi bambo osewera wapolisiwo, munthu wamkulu wa mawu okoma, wosajomba, woloweza mwakhama. Wosewera saloweza sewero lonse. Amaloweza mawu ake ndi mawu atatu kapena anayi omaliza a mnzake, amene amamudzutsa kuti nthawi yake yakwana. Mizere iwiri ikatha mofanana, pakamwa pamatha kutola yankho la poyamba mutu usanafunsidwe. M'sewero langa mkazi wamasiye amamaliza kudandaula kwake pa tsamba 31 ndi mawu akuti "Ndinawauza ine, koma sanamve," ndipo pa tsamba 34 amamalizanso chimodzimodzi. Ndinachita dala, kubwereza kumakoma m'khutu. Pa tsamba 31 wapolisi amayankha kuti "Munawauza liti, mayi?" Pa tsamba 34 amalamula za chitseko zija.

Holo inadzaza. Kubaya kunayenda bwino kwambiri: ndinafinya kathumba, malaya onse psuu, mayi wina m'gulu la oonerera mpaka kukuwa. Bondo, chiuno, nthiti, mutu. Nyali za mawati 500 zimatentha, ndipo manyuchi akatenthedwa amasungunuka, ndiye ndinamva akuyenderera m'nthiti kupita ku kampata kaja. Sindinadandaule. Ndinagona n'kumamvera mawu anga akuyankhulidwa bwino pamwamba panga. Tsamba 31, 32, 33. Achemwali osewera wamasiyewo anafika pa 34, mawu akunjenjemera: "Ndinawauza ine, koma sanamve."

"Munawauza liti, mayi?"

Panadutsa kamphindi ka zii. Koma wosewera woloweza bwino amayankha zimene wafunsidwa, ndiye achemwali anayankha, ndipo tonse tinabwerera pa tsamba 31. Pamenepo ndi pamene ndinamva kanthu kakuyenda pa dzanja.

Yoyamba inali yaulemu. Inangozungulira chala n'kubwerera. Sitinafike pa tsamba 32 isanabwere ndi abale ake. Zinakwera mkono wa malaya, zina zinalowera pa mabatani, zina m'lamba. Malaya otakasuka aja, amene amabisa kupuma, amapatsanso alendo malo okwanira. Bola ukakhala phee zimangoyenda, koma mnofu ukangonjenjemera pang'ono pansi pa nsalu, yopanikizikayo imaluma. Kuluma kumabweretsa kunjenjemera kwina. Ndinayamba kuwerenga mizere chamumtima kuti tsamba 34 lifike.

Linafika. "Koma sanamve."

"Munawauza liti, mayi?"

Pa nthawi ngati imeneyi ndi pamene wonong'oneza amadyera ntchito yake: amakhala pambali pa katani ndi tochi ndi kope, n'kuponya mawu awiri oyamba a mzere wotayika. Wathu analiponso pa zovala, ndiye anali kuseri akumangira munthu lamba wa chigawo chachiwiri. Atathamangira pa mpando wake anapeza kuti kope yake ndi yakale, ya mwezi wapita, momwe chigawochi chinkatha ndi nyimbo. Sewero latsopano limasintha mpaka sabata yomaliza, ndipo tsamba lililonse latsopano limayenera kulembedwa deti pamwamba, lakale n'kulandidwa m'manja mwa aliyense. Ndinamumva akutembenuza mapepala mwamphamvu, kenako anasiya.

Tili pa ulendo wachitatu, nyerere zinapeza m'khwapa. Ndinayesa kukhuza phewa pa thabwa pang'onopang'ono, mwa ulemu wa munthu wakufa. Mwana wina pa mzere wakutsogolo anaimirira.

"Amayi, akufawo akudzikanda!"

Achemwali ndi wosewera weniweni. Anadziponya pa ine ndi kulira kumene kunalibe m'buku, kuti anditchinge, n'kuika pakamwa pa khutu langa.

"Achimwene, mwatani? Takhalani phee!"

"Nyerere, achemwali."

"Mwati chiyani?"

Sindinafunikire kubwereza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma kwa iwo silinadikire mawa. Anayamba kudzimenya m'manja, m'khosi, kumenya chifuwa changa, kusasa nsalu, kulira kukukwera. Oonerera anakhala chete, ena akupukuta m'maso. Pambuyo pake munthu wina anauza achemwaliwo kuti sanaonepo chisoni choseweredwa mochokera pansi pa mtima chotero.

Nsapato za bambo wapolisi zinali pafupi ndi nkhope yanga. Ndinatsegula pakamwa pang'ono.

"Chitseko, bambo. Chitseko!"

Anamva. Anatembenuka mwaulemerero, anapita pa chitseko, anachiyang'ana m'mwamba ndi m'munsi, anagwedeza chogwirira ngati wofufuza wodziwa ntchito, n'kubwerera pamalo pake. Achemwali, akudzipatula nyerere m'tsitsi, anathamangitsa mizere yawo kuti awapatse mwayi wina. "Koma sanamve!"

Bambo anakoka mpweya. Ndinaona m'maso mwawo, ndi diso limodzi lotsegula, kuti akudziwa kuti pali china chake. Kenako: "Munawauza li—"

Pa mphindi imeneyo imodzi inalowa m'khutu. Mawu anatuluka okha, ndi mphamvu yonse imene ndimaphunzitsa ena kuti ifike mzere wakumbuyo.

"Tsekani chitseko, asatuluke munthu!"

Magetsi thi! Mdima bii.

Dongosolo lathu la mdima linali loyeserera bwino. Masekondi khumi. Anyamata awiri ovala zakuda amalowa potsata timadontho ta tepi yowala mumdima, wina amagwira m'khwapa, wina m'mawondo, kunyamula mtembo, katani n'kutsekedwa. Koma mtembo unali utagubuduka kale, kugwa masentimita 40 kuseri kwa nsanja, n'kuthamanga ukuvula malaya. Anyamata anafika pa chizindikiro, anafufuza ndi manja, anapeza munthu ali pansi, n'kuchita zimene anaphunzitsidwa. Mumdimamo holo yonse inamva mawu a wamasiye akutalikira kumanzere: "Tanditsitsani inu! Ine ndili moyo!"

Nthawi yopuma inatalika. Tinamasula mabawuti, kukoka nsanja, kuthira madzi a sopo pansi ndi kusesa zimene tinapeza. Chigawo chachiwiri chinayamba mwaulemu, ndipo chinayenda bwino mpaka pamene wapolisi amaima pakati, kuyang'ana oganiziridwa onse atatu, n'kufunsa funso limene sewero lonse laimirapo: "Ndani anapha bamboyu?" Kumbuyo kwa holo kunachokera mawu a mkulu wina, odekha, ofuna kuthandiza: "Afunseni eni ake, paja amayankhula."

Tsiku lotsatira tinasintha zingapo. Magazi a pa malaya tsopano ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, wopanda mtundu kapena wachikasu, wosakaniza ndi utoto womwe uja. Sakopa nyerere, amachoka msanga ukaviika malaya m'madzi ozizira, koma amaterera pa matabwa ndipo sayenera kuyandikira maso kapena pakamwa. A shuga tinawasiyira okhawo otuluka m'kamwa, supuni imodzi basi. Mipata ya nsanja timaimata ndi tepi yaikulu n'kuyalapo nsalu yokhuthala, ndipo pofera tinapasunthira pakati pa thabwa. Pa tsamba 34 wamasiye tsopano amamaliza ndi "Lero mwaona nokha," mawu osakoma ngati oyamba aja koma osafanana ndi ena aliwonse m'sewero. Wonong'oneza anachotsedwa pa zovala. Tinagwirizananso kuti wina akabwerera m'mbuyo, mnzake asayankhe funsolo, alumphire pa mzere wake wotsatira ngakhale zisagwirizane bwino, oonerera alibe kope.

Chinatsala ndi nkhani ya magetsi. Pa msonkhano ndinafunsa mnyamata uja chifukwa chake anandisiya pansi nthawi yonseyo akuona yekha kuti tikuzungulira pamodzimodzi. Anati ndinamuletsa kuganiza. Bambo wapolisi, amene mpaka pano amakhulupirira kuti akanakumbukira okha akanapatsidwa mpata, anafunsa chifukwa chake ndiye anazimitsa pa mawu a munthu wakufa. Mnyamata anatsegula buku lake, analoza nambala 14 ndi chala, n'kulitembenuzira kwa iwo.

"Bambo, ine ndinauzidwa kudikira mawu awa. Za woyankhula sanandiuze."