Nkhuku za Alamu Anga ndi Mphamvu Zisanu za Porter

Alamu anga a ku Chawama mu Lusaka anayamba kuweta nkhuku za nyama, zija timazitcha mabuloila, atasiya ntchito yoyendetsa malole pakati pa Lusaka ndi Copperbelt. Anamanga khola kuseri kwa nyumba, anayala utuchi pansi, anagula anapiye 200 a tsiku limodzi, ndipo masabata awiri oyamba sankagona tulo tokwanira chifukwa chodzuka usiku kukasonkhezera makala m'mbaula kuti anapiyewo asafe ndi kuzizira. Anasamala zonse zimene woweta amauzidwa, kuphatikizapo katemera wa chitopa ndi wa gumboro, ndipo nkhukuzo zinkakula bwino. Koma atagulitsa ulendo wachitatu, alongo anga anandiimbira foni kuti ndipite ndikaone kope limene ankalembamo zogula ndi zogulitsa, popeza ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama m'mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo m'nyumbamo munalibe ndalama yooneka ngakhale kuti khola linkadzaza n'kutha, kudzazanso n'kutha.

Tinakhala pakhonde Lamlungu masana, kope lili pamiyendo panga, masamba ake ali ndi madontho a mafuta ophikira. Alamu anali atapeza kale wowalakwira. Anati: "Alamu, vuto ndi anthu a pano. Ndangoyamba ine, nyumba zinayi mumsewu uno zamanganso makola, ndipo wina akugulitsa motsitsa dala kuti andigwetse." Ndinawonkhetsa manambala kawiri. Zimene mnansi uja ankatsitsa pa nkhuku imodzi zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene thumba la chakudya linakwera nazo m'miyezi yomweyo, komanso poyerekeza ndi zimene alamu ankataya m'masiku omaliza, pamene ankagulitsa nkhuku zotsala pa mtengo uliwonse umene wogula wanena. Ndinawauza kuti mnansi wawo ankangotola nyenyeswa, pamene mbamu yeniyeni inkadyedwa ndi anthu amene iwo sankawaona ngati opikisana nawo.

Mfundo imeneyi si yanga. Michael Porter, mphunzitsi wa pa Harvard Business School ku America, anaifotokoza m'chaka cha 1979 m'magazini ya Harvard Business Review. Iye anasonyeza kuti phindu la mtundu uliwonse wa malonda limapanikizidwa ndi mphamvu zisanu: kulimbana kwa ogulitsa amene alipo kale, kuphweka kwa kulowa kwa atsopano, katundu wina amene angalowe m'malo mwa wanu, mphamvu ya amene amakugulitsani zipangizo, ndi mphamvu ya amene amagula kwa inu. Ambirife tikamva mawu akuti mpikisano timangoganiza za yoyambayo, chifukwa ndi imene ili ndi nkhope, ndiponso timakumana nayo pachitsime ndi kutchalitchi. Zinayi zinazo sizipereka moni, koma ndizo zimagamula kuti ndalama ya wogula itsala m'thumba la yani.

Pa nkhuku za alamu, mphamvu ya ogulitsa zipangizo ndi imene inali yoonekeratu m'kope. Woweta wamng'ono amagula zinthu ziwiri zimene sangapange yekha, anapiye ndi chakudya, ndipo chakudyacho ndicho chimatenga gawo lalikulu la ndalama zonse, kuyambira starter, kenako grower, mpaka finisher. Makampani oswetsa anapiye ndi opanga chakudya ndi owerengeka, pamene oweta ali mumsewu uliwonse wa Chawama, Kanyama, Mtendere ndi Matero. Ogulitsa akakhala ochepa, ogula n'kukhala ochuluka, mtengo umanenedwa ndi wogulitsa, ndipo munthu wogula matumba khumi alibe pakamwa poneneretsera. Chakudyacho chimapangidwa ndi chimanga ndi soya, kotero mvula ikavuta kapena Kwacha ikafooka, kukwera konse kumatsetsereka mpaka kudzagwera pa woweta, amene alibe wina womukankhira.

Mphamvu ya ogula ndi imene inandiphunzitsa zambiri, chifukwa ndinaiona ndi maso tsiku lina m'mawa. Kunabwera amayi awiri ooda nkhuku zokagulitsa ku Soweto Market. Mmodzi analowa m'khola, ananyamula nkhuku imodzi, anaiyeza kulemera ndi dzanja, anaipapasa pachidali, kenako anafunsa modekha kuti zili ndi masabata angati. Alamu atayankha kuti zalowa sabata lachisanu ndi chiwiri, mayiyo anaika nkhuku pansi natchula mtengo wotsika, ndipo sanawonjezepo kanthu. Ankadziwa zimene aliyense wa malonda amenewa amadziwa, kuti buloila imakwanira kugulitsidwa pa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo ikapitirira pamenepo imadya kwambiri koma kukula kwake kumachepa, moti tsiku lililonse limene yagona m'khola imadya phindu la mwini wake. Mayiyo akanatha kupita pa nyumba yotsatira, pamene alamu analibe kopita ndi nkhuku 80 zanjala. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, pakuti iyenso ali ndi ana, ndipo anawerenga msika molondola kuposa ife tonse amene tinali pamenepo.

Mphamvu zinazo sizifuna mawu ambiri. Kulowa m'malonda a mabuloila n'kosavuta, popeza aliyense amene ali ndi kampata kuseri kwa nyumba ndi ndalama ya chilimba akhoza kuyamba mwezi wamawa, ndiye chifukwa chake makola anayi aja anamera ngati bowa. Ndiwo zolowa m'malo mwa nkhuku nazonso n'zambiri: pakati pa mwezi banja limadya nsima ndi kapenta, nyemba, mazira kapena soya pieces, ndipo palibe amene amadandaula. Alamu atamva zonsezi anaganiza zoti oweta onse a mumsewuwo agwirizane mtengo umodzi. Ndinawakumbutsa kuti lamulo la dziko la Zambia la mpikisano ndi kuteteza ogula la m'chaka cha 2010 limaletsa amalonda kupangana mitengo, komanso kuti ngakhale pakanapanda lamulo, pangano lotere likanasweka tsiku limene nkhuku za mmodzi wa iwo zafika sabata lachisanu ndi chiwiri.

Kudziwa mphamvu zisanuzi ndi chiyambi chabe. Funso lalikulu, limene anthu a maphunziro a bizinesi amalitcha strategy, ndi lakuti munthu aima pati kuti mphamvuzo zisamuphwanye. M'buku lake la 1980 lotchedwa Competitive Strategy, Porter anatchula njira zitatu: kukhala wopanga katundu pa ndalama zochepa kuposa onse, kukhala ndi katundu wosiyana ndi wa ena moti wogula alolere kulipira zambiri, kapena kusankha kagulu kochepa ka ogula n'kukatumikira bwino kuposa wina aliyense. Njira yoyambayo muno mu Zambia tingaione pa kampani ngati Zambeef, imene imalima yokha mbewu m'minda yake ikuluikulu monga ya ku Mpongwe, imapanga chakudya cha ziweto cha Novatek, imaweta ndi kupha nkhuku, ndipo imagulitsa m'masitolo ake komanso m'mabutchala a m'masitolo a Shoprite. Munthu akagwira unyolo wonse chotero, kuchokera kumunda mpaka pa kauntala, mphamvu ya wogulitsa chakudya ndi ya wooda sizimukhudza mofanana ndi mmene zimakhudzira mwini khola la nkhuku 200. Choncho kuti alamu ayese kupambana potsitsa mtengo kunali kulowa mpikisano umene anali atagonja kale asanauyambe.

Choipa kwambiri n'chakuti iwo ankayesa njira zonse pamodzi. Ankagulitsa pageti kwa aliyense wodutsa, ankaodetsa kwa amayi a kumsika, ankakongoza anzawo a kutchalitchi mpaka kutha kwa mwezi, ndipo anali atayamba kulankhula zoika zinziri ndi nkhuku za mazira m'khola lomwelo. Porter amachenjeza za bizinesi yotsakamira pakati, yosatchipa komanso yosasiyana ndi ena, koma makolo athu ananena kale mwachidule kuti mapanga awiri avumbwitsa. Chimene ndimachiona chovuta kwa amalonda ambiri amene ndimawasungira mabuku ndi kukana ndalama imene ikuoneka pamaso. Kuwonjezera katundu aliyense amakwanitsa, koma kunena kuti ichi sindigulitsa, uyu sindimukongoza, msika uwu ndausiya, kumamveka ngati kutaya mwayi, chikhalirecho ndi pamene strategy imayambira.

Pano ndinenepo za SWOT, chida chija chimaphunzitsidwa m'misonkhano yonse ya amalonda, pamene munthu amagawa pepala panayi n'kulemba zimene ali nazo mphamvu, zofooka zake, mwayi umene ulipo ndi zoopseza. Si chida choipa, koma kawirikawiri ndimaona anthu akulemba pansi pa mphamvu mawu ngati kulimbikira ndi kukhulupirika, zimene mnansi wawonso angalembe pa pepala lake. Jay Barney, katswiri wina wa ku America, analemba m'chaka cha 1991 kuti chinthu chimapatsa bizinesi mwayi wokhalitsa ngati chili chaphindu, chosowa, chovuta kutengera, ndiponso chopanda china cholowa m'malo mwake. Titayeza alamu ndi muyeso umenewu, khola linagwa, luso loweta linagwa, pakuti onse mumsewumo anali nazo. Chimene chinatsala chinali chinthu chimene iwo sankachiwerengera n'komwe: zaka zonse zoyendetsa malole ankadya m'malesitilanti ang'onoang'ono a ku Kamwala ndi kufupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity, moti amayi ophika kumeneko ankawadziwa ndi dzina, ndipo iwo ankadziwa kuti ndani amalipira tsiku lomwelo, ndani amazengereza. Analinso ndi kagalimoto kakale ndi chizolowezi chodzuka 4 koloko m'mawa.

Tinagwirizana zinthu zochepa. Anasiya kugula anapiye 200 nthawi imodzi, nayamba kugula ochepa masabata awiri alionse, atagawa khola ndi mawaya, kuti pasakhale tsiku limene nkhuku zambiri zakhwimira pamodzi. Anasankha malesitilanti asanu oti aziwaperekera nkhuku zososola kale, za msinkhu wofanana, chifukwa wophika amene amadula nkhuku m'zidutswa zowerengeka amafuna kudziwiratu kukula kwa chidutswa chilichonse, ndipo amalolera kuwonjezerapo pang'ono kuti asamapite yekha kumsika mbandakucha. Ngongole za pageti zinatha, ndipo nkhani ya zinziri inaikidwa pambali. Chovuta kuposa zonse chinali kuleka kudzaza khola pokonzekera Khirisimasi, nthawi imene mumsewu monse mumamveka kulira kwa anapiye mu Novembala, n'kudzapezeka kuti mu Januwale, ndalama zitapita ku sukulu za ana, aliyense ali ndi nkhuku zotsala zopanda wogula. Alongo anga sanagwirizane nazo, ndipo anandiuza mosabisa kuti: "Achimwene, inu mumawerengera ndalama za anthu ena, simunawetepo ngakhale bakha." Sananame.

Chikonzero chathucho chinadalira firiji yaikulu imene alamu anagula kuti azisungamo nkhuku zososola. Kenako kunabwera chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale chaka chimenecho kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi anatsika m'nyanja ya Kariba kumene amapangira magetsi, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, chimanga chinasowa ndipo chakudya cha nkhuku chinakwera. Ulendo wina nkhuku 30 zinawonongeka m'firiji muja. Palibe chimene ndinalemba pa pepala langa chimene chinaoneratu zimenezi, ndipo apa ndi pamene ndimavomereza Henry Mintzberg wa ku Canada, amene anatsutsa maganizo akuti strategy yonse imakonzedwa patebulo, nanena kuti ina imaphuka yokha m'kati mwa ntchito pamene anthu akulimbana ndi zimene zawagwera. Alamu sanandifunse nzeru. Anangoyamba kupha nkhuku mbandakucha, iwo ndi alongo anga ndi mnyamata mmodzi, madzi akuwira pa mbaula, n'kuzifikitsa ku Kamwala 7 koloko isanakwane. Mafiriji a ophika aja nawonso sankagwira ntchito, choncho munthu wobweretsa nkhuku zophedwa m'mawa womwewo, zokwanira tsiku limodzi lokha, anasanduka wofunika kuposa kale, ndipo malesitilanti ena awiri anawapeza okha atamva kwa anzawo.

Mphamvu ya opanga chakudya sinasinthe, ndipo thumba likakwera alamu amalipira ngati wina aliyense. Mnansi uja akugulitsabe motsitsa pageti pake. Nditapitako komaliza ndinapeza firiji ija muli mabotolo a madzi akumwa, ndipo alamu anandipatsa kope latsopano lokhala ndi tsamba la lesitilanti iliyonse payokha. Ndisanamalize kuwonkhetsa, anakoka mpando nandiuza kuti mmodzi wa ophika aja wayamba kufunsa nkhuku za kumudzi, zimene zimatenga miyezi ingapo kuti zikule koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo iwo akuganiza zomanga kakhola kena pafupi ndi mpanda. Ndinawafunsa kuti ndi ophika angati amene afunsa, ndipo anati mmodzi. Alongo anga anaseka ali kukhitchini, ndipo tinagwirizana kuti sabata ino alamu afunse kaye ophika asanu ndi mmodzi otsalawo asanagule njerwa.