Zikomo nonse amene mwabwezeretsa ng'oma pasukulu pathu

Loweruka lapitali ng'oma zinalira pabwalo la sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Phalombe, koyamba chidutsireni namondwe wa Freddy. Ndakhala ndikufuna kulemba mawu awa kuyambira tsiku lomwelo, koma ndikangogwira foni misozi imalengeza m'maso. Lero ndalimba mtima. Ine ndimaphunzitsa Expressive Arts, phunziro la zaluso monga nyimbo, magule ndi masewero, ndipo anthu oti ndiwathokoze ndi ambiri.

Amene muli kutali mwina simukudziwa kumene tachokera. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi. Akuluakulu ankangoti Napolo wa mu 1991 uja wabweranso. Sukulu inatsekedwa, makalasi athu n'kusanduka mogona anthu amene nyumba zawo zinapita ndi madzi. Kachipinda komwe tinkasungira ng'oma, maseche ndi zovala za masewero kanagwa khoma. Zikopa zinaola. Mitengo ya ng'oma imene inang'aluka anthu a pakampu anaisonkhezera moto, ndipo ine sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa anali ndi ana oti awaphikire phala.

Sukulu itatsegulidwa, ana anabwera ochepa, ndipo obwerawo anali duu. Kumwamba kukangoda, ena ankanyamula mabuku n'kuthamangira kwawo osatsanzika. Mtsikana wina amene kale ankatsogolera nyimbo pa asembule anasiyiratu kuyankhula m'kalasi. Tsiku lina Lachitatu, nditasowa chochita nawo, ndinatenga zigubu ziwiri ndi ndowa yobooka, n'kuuza anyamata kuti aziombe. Sabata yotsatira kunabwera ana amene sitinawaone chiyambireni teremu. Anamva kuti kusukulu kukuvinidwa.

Pamenepo mpomwe ndinayamba kuyenda ndi makalata opempha thandizo. Ku ofesi ina anandiuza mosabisa kuti zovina zidikire, panopa ndi nthawi ya malata, madesiki ndi zimbudzi. Zoona, malata ankafunika, ndipo inenso ndinkaphunzitsira pansi pa mtengo. Koma phunziro la Expressive Arts lili pa ndondomeko ya maphunziro ya boma, ndipo ana a Sitandade 8 amalilemba pa mayeso a MANEB mu pepala la Arts and Life Skills. M'sukulu zambiri zakumudzi timaliphunzitsa ndi choko chokha: mwana amajambula ng'oma m'kope, n'kulemba mayina a magule pamtima, koma dzanja lake osagundapo chikopa. Ndalama za SIG, zimene sukulu imalandira kuchokera ku boma zotukulira sukulu, zimathera ku choko, marejisitala ndi kukonza zowonongeka. Zaluso zimatsala panja chaka ndi chaka.

Choncho zikomo yoyamba ipite kwa inu ahedi athu ndi a komiti ya sukulu, chifukwa simunandiseke. Munaitanitsa msonkhano wa makolo, n'kundipatsa mpata woti ndiyankhule.

Amayi a Mother Group, ine ndilibe mawu okwanira. Inu amene minda yanu inakwiririka ndi mchenga, munkakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa nthawi yopuma, phindu lake n'kumaponya m'kabokosi ka zaluso. Nandolo atacha, aliyense anabwera ndi kambale kake. Ndinkachita manyazi kulandira, koma munandidzudzula kuti anawa ndi anu, si anga ndekha.

Inu amene munaphunzira pano kale, a ku Blantyre, a ku Lilongwe ndi a ku Joni, zikomo potsegula gulu la pa WhatsApp lija. Wina ankatumiza pa Airtel Money, wina pa Mpamba, a ku Joni pa Mukuru, ena kangachepe kongokwana mita imodzi ya nsalu. Ambiri a inu mulibe mwana pasukulu pano. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama zimene tinasonkhanitsa zinangosungunuka m'manja, mtengo wa nsalu utakwera sabata imodzi yokha. Ndinalemba pagulupo kuti mwina tingosiya. Munakana, n'kuyambiranso kusonkha. Atelala a pamsika wathu anasoka zovala zonse pa mtengo wakale umene tinagwirizana kwacha isanagwe, ndipo abambo ogulitsa nyama anatisungira zikopa za ng'ombe osatilipiritsa. A gulupu, zikomo potiloleza kutenga mtengo umene unazulidwa ndi madzi m'mbali mwa mtsinje, sitinagwetse wamoyo ayi.

Koma agogo osema ng'oma, inu ndiye mwandiphunzitsa ntchito yanga yomwe. Ndinabwera kwanu ndi ndalama kuti mutisemere ng'oma n'kudzatipatsa zothaitha. Munakana. Munati mukasemera kusukulu, ana akuona, apo ayi tikagule kwina. Miyezi yonse ija munkayenda ndi ndodo yanu Lachitatu lililonse, kasemasema ali paphewa. Ana anaona mmene amabowolera chipika mpaka chitapepuka, mmene amaviikira chikopa kuti chifewe, kuchipala ubweya, kuchikoka ndi kuchikhomera ndi zikhomo. Anaphunzira kumata phula pakati kuti mawu a ng'oma atsike, ndi kuiwamba pamoto wa mapesi kuti ilire bwino. Mnyamata wina amene amavutika kwambiri ndi kuwerenga ndiye anali woyamba kuzindikira ndi khutu kuti ng'oma yawambika mokwanira, ndipo munamuuza pamaso pa anzake kuti ali ndi khutu la mmisiri. Kuyambira tsiku limenelo sanajombenso.

Ndinu nomwe, pamodzi ndi agogo aakazi awiri, amene munatiphunzitsa tchopa, gule wa Alhomwe. Ana athu ambiri ndi Alhomwe, koma Chilomwe sachiyankhula, moti mawu a nyimbo munkachita kuwamasulira mzere ndi mzere. Ine ndinkadziwa za m'buku, zoti mu 2014 bungwe la UNESCO linaika tchopa pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Inu munatiuza zimene zinandikhudza koposa: kuti makolo ankavina tchopa akakolola bwino kapena alenje akabwera ndi nyama, komanso mudzi ukadutsa m'tsoka ngati chilala kapena mliri. Munati ndiye nthawi yake ndi inoyi.

Makolo ena anali ndi nkhawa, poopa kuti tikulowetsa ana m'zinthu zosemphana ndi chipembedzo chawo. Nkhawa imeneyo ndinaimvetsa. Zikomo abusa ndi ashehe amene munabwera kudzaona nokha mmene timaphunzirira. Tinagwirizana kuti pasukulu timaphunzitsa kavinidwe, nyimbo ndi mbiri yake, zansembe ayi, ndipo mwana amene makolo ake sakufuna atha kulowa kwaya, ndakatulo kapena sewero.

Loweruka lija bwalo linadzaza. Ana analowa mozungulira, nthenga kumutu, akatundu a makasu ndi ziwiya zakale kumsana monga amachitira ovina tchopa, amayi akuimba nthungululu. Kenako kunabwera sewero limene analemba okha, lonena za usiku umene madzi anafika. Ine ndinangowathandiza kulikonza, mawu onse ndi awo. Mtsikana uja amene anasiya kuyankhula ndiye anasewera ngati mayi woitana ana ake mumdima, ndipo mawu ake anamveka mpaka kumsewu. Bwalo lonse linangoti zii. Ndinaona abambo akuluakulu akupukuta m'maso ndi zipewa. Atamaliza, anthu anafupa mpaka mbale inasefukira.

Ana inu, zikomo. Mwapirira dzuwa, njala ya masana ndi kukalipa kwanga.

Ndili ndi pempho kwa a maudindo. Malemu Du Chisiza Jnr anayambira pasukulu, ku sekondale ya HHI ku Blantyre, m'mipikisano ya masewero ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, asanakhazikitse gulu lake la zisudzo la Wakhumbata. Aluso a mawa alinso m'sukulu ngati yathuyi, kumene ngakhale ndalama ya galimoto yopitira ku mpikisano wa paboma imasowa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa khonsolo yoona zaluso ndi chikhalidwe. Pamene thumba la zaluso likugawidwa, sukulu za pulayimale zakumudzi zikumbukiridwe, zisangothera kwa oimba a m'tauni okha.

Kwathu kuno komiti yavomera kuti zaluso zilowe mu pulani ya chitukuko cha sukulu ya chaka chamawa, kuti pakhale kandalama kogulira zikopa ndi kusokera zong'ambika. Ndalama zonse zimene munapereka ndi mmene zagwirira ntchito tazilemba papepala, lamatidwa pa ofesi ya ahedi, ndipo chithunzi chake ndaika pagulu la WhatsApp. Sukulu yoyandikana nayo yapempha kubwereka ng'oma ziwiri pa tsiku lawo lotsekera teremu, ndipo tavomera. Chipika chimodzi chatsala, agogo akuti achiyamba Lachitatu likubwerali ikamakwana 2 koloko masana, ndipo ulendo uno kasemasema agwira ndi ana a Sitandade 7. Amene muli pafupi, bwerani mudzaone.