Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Namondwe Ana ndi ana anga

M'gawo lapita ndinakusiyani titangosamukira ku Nchalo, nditapeza kadimba kumunsi kwa mudzi, chakufupi ndi dambo. Lero ndikambe za dziwe la nsomba limene ndinakumba pamenepo, nkhani yomwe ngakhale abale anga sindinawafotokozerepo bwinobwino.

Malemu bambo anga anali msodzi wa ku Elephant Marsh. Ndinakula ndikuwaona akuvuula mono m'mamawa, milamba ndi makakana zikuphiriphitha m'bwato. Chikondi cha nsomba chinandilowa pamenepo. Choncho mu 2020, nditayamba kutsalako ndi kangachepe pa malipiro, ndinati nane ndikhale ndi madzi anga. Maganizo a bizinezi ndinalibe. Ndinkangofuna poti ndizikhala madzulo n'kumaona nsomba zikulimbirana madeya. Ndinakumba ndi anyamata awiri a ganyu, mamita 15 mulitali ndi 10 mulifupi, ndipo mbewu ya makumba ndinakaitenga ku Kasinthula m'zigubu ziwiri pa njinga yamoto.

Amene anakhalapo kuno ku chigwa cha Shire akudziwa dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40. Madzi a m'dziwe anaphwa mpaka kulekeza m'mawondo. Ine pofuna kuti madziwo abiriwire msanga ndinali nditathiramo zitosi za nkhuku zochuluka, osadziwa kuti ndere zikachulukitsa zimamaliza mpweya usiku. M'mamawa wina ndinapeza nsomba zili yandayanda pamwamba, kukamwa kuli yasaa, zina zitagadama kale. Tsiku limenelo ndinatola 84 zakufa. Zimenezo zitatha kunabwera akakowa, kenako ng'azi imene inkalowa pansi pa mpanda wa bango ngati kwawo. Vuto lililonse linkandidyera nthawi. Ndikaweruka 4 koloko, njinga ulendo wa kudziwe, kubwerera kutada. Loweruka lonse ndinali komweko, ndipo Lamulungu ndikangotuluka m'tchalitchi mtima unkakhala uli kale kudimba.

Tsiku lina mayi akunyumba anandiimitsa pakhomo ndikutulutsa njinga. Sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo, mwana uyu wakudikirani ndi kope la masamu masiku atatu tsopano." Ndinayankha kuti mawa. Liwu limenelo limandiwawa mpaka lero, chifukwa mwana wanga wachisamba anali pomwepo, kope lili m'manja, ndipo anangotembenuka n'kulowa m'nyumba.

Kenako kunabwera mvula ya pa 24 Januwale 2022. Pawailesi ankati ndi namondwe wotchedwa Ana. Inagwa usana ndi usiku wosalekeza, mitsinje yochokera kumapiri inasefukira, msewu wa M1 unaduka. Nyumba yathu ili pokwererako, madzi anangolekeza pakhonde. Anzathu ambiri sizinawathere choncho. Nyumba zinagwa, mbuzi ndi ng'ombe zinapita, mabanja anakagona m'makalasi a sukulu, ndipo ena anataya miyoyo. N'chifukwa chake za dziwe langa sindinkazitchula pagulu. Ungalire bwanji nsomba pamaso pa munthu amene watsala ndi chitenje chimodzi chokha? Koma nditatsikira kudimba patatha masiku anayi, n'kupeza khoma la dziwe litagumuka, malo onse ali matope okhaokha, ndinakhala pansi pa mtengo wa msawu ndipo misozi inatuluka ndithu.

Namondwe yemweyo anaononga damu la ku Kapichira, kumtunda kwa boma la Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi. Kwathu kunali mdima masiku ambiri. Wailesi ya kanema inangokhala chete, mafoni anazima. Kudziwe kunalibenso choti ndikachite. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi 18, dzuwa linkalowa ine ndili pakhomo.

Apongozi anga anali atabwera kudzakhala nafe chifukwa khoma la nyumba yawo linali litagwa. Usiku woyamba tinayala mkeka pakhonde pothawa chifundizi cha m'nyumba, udzudzu ukulira m'makutu, achule akusokosera dambo lonse. Kamtsikana kathu komaliza kanati, "Agogo, tiuzeni nthano." Iwo anayamba akana, amvekere mtima suli m'malo. Koma posakhalitsa tinangomva, "Padangokhala!" Ana onse atatu pamodzi, "Tili tonse!" Ine ndinali nditaiwala kuti mawu amenewa amayankhidwa ndi aliyense amene ali pamkeka. Mnyamata wanga wachiwiri anandigunda ndi chigongono: "Ababa, inunso muziyankha." Ndinayankha. Apongozi ankasakaniza Chisena ndi Chimang'anja, nyimbo ya m'nthanoyo tinkaivomera tonse, ndipo kamtsikana kaja kanagona tulo mutu uli pamwendo panga. Mwendo unachita dzanzi koma sindinafune kuusuntha.

Masiku otsatirawo tinakumba bawo pansi, kuseri kwa khitchini, n'kumasewera ndi nthanga za malambe. Apa m'pamene ndinadziwira kuti mnyamata wanga amawerengera mayenje mwachangu kuposa ine, ndipo akafuna kudya nkhomo zanga amayamba waluma mlomo wam'munsi, ndendende mmene ankachitira bambo anga. Kope la masamu lija linatulukanso. Tinkaliwerenga ndi tochi ya mabatire, ine ndi wachisamba, ndipo ndinapeza kuti chimene chinkamuvuta anali mafulakishoni basi, chinthu choti tikanachimaliza kalekale pa madzulo awiri okha. Atakhoza samu yoyamba payekha anandiyang'ana osalankhula, kenako anaseka. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve nthawi yaitali.

Madzi ataphwa, Loweruka lina mayi akunyumba anati tonse tipite kudimba tikaone ngati mbatata inatsalako. Mbatata inali itaola. Koma m'mizere munatsala zithaphwi, ndipo mnyamata uja, matope ali m'mawondo, anakuwa: "Ababa, nsomba zanu izi!" Zoonadi anali makumba, ena aakulu ngati chikhatho changa, atatsekeredwa m'kachithaphwi kotentha. Tinalibe ukonde. Mayi anavula chitenje chapamwamba, iwo anagwira mbali ina, wachisamba mbali ina, n'kumakokolola madziwo pang'onopang'ono, ine ndi anyamata a pafupi tikuingitsa nsomba ndi mapazi. Wamng'ono uja anapatsidwa udindo wolondera ndowa, ndipo nsomba iliyonse ikalowamo ankaiwerenga mokweza, kudumpha manambala ena. Nditaterereka n'kukhala pansi m'matope, onse anathamanga kudzandidzutsa, nawonso n'kugwera momwemo. Tinabwerera kunyumba dzuwa likupendeka, tonse tili mbuu, ndi nsomba 31.

Khumi tinapatsa banja loyandikana nalo limene linali litataya nkhokwe yonse. Zina apongozi anaziphika ndi bwemba pang'ono, tinadyera nsima ya mapira. Zisanu ndi ziwiri zazing'ono ana anakana kuti ziphedwe. Ndinadula mgolo wakale pakati, tinauika pamthunzi kuseri kwa nyumba, ndipo anagawana okha masiku othira madeya ndi osintha madzi. Ndikaweruka kuntchito ndinkawapeza atatu onse atazungulira mgolowo, akukangana kuti yaikulu ndi ya ndani.

Za kukumbanso dziwe anayambitsa ndi wachisamba, m'mwezi wa Juni chaka chomwecho. Anabwera ndi kope lomwe lija, tsamba lomaliza atajambulapo dziwe lokhala ndi ngalande yotayira madzi, miyezo yake atalemba yekha. Mmene tinalikumbira tonse asanu, ndi zimene namondwe Freddy anatichita mu Malichi 2023, ndidzakuuzani m'gawo la 10.