Ndagi ya ana atatu ndi nambala ya nyumba imene sitinauzidwe

Sabata yatha ndinalembera ophunzira anga a Folomu 2 funso ili pa bolodi: m'khola muli mbuzi ndi nkhuku, ndipo miyendo yonse pamodzi ndi 20, kodi mbuzi zilimo zingati? Sipanathe mphindi ziwiri manja anali m'mwamba. Wina anati zitatu, wina zinayi, winanso imodzi, ndipo aliyense anali ndi umboni m'kope lake. Mbuzi zitatu ndi nkhuku zinayi zimapereka miyendo 20, mbuzi zinayi ndi nkhuku ziwiri chimodzimodzi, mbuzi imodzi ndi nkhuku 8 chimodzimodzinso. Palibe amene analakwitsa powerengera, komabe panalibe ngakhale mmodzi amene anaona kuti zimene ndinawapatsa zinali zoperewera.

Sindikuwaimba mlandu anawa, chifukwa kuyambira Sitandade 1 samu iliyonse imene analandira inali ndi yankho limodzi lowadikira kumapeto, kotero anazolowera kuti ukangopeza nambala yogwirizana ndi funso, ntchito yatha. Chimene ndimafuna kuti aphunzire n'chakuti mawu akuti "sizikukwanira" nawonso ndi yankho, ndipo amafuna umboni ngati yankho lina lililonse. Umboni wake ndi kuonetsa mayankho awiri osiyana amene onse akugwirizana ndi zimene zanenedwa. Wonena kuti zikukwanira ndiye ali ndi katundu wolemera kwambiri, pakuti kupeza yankho limodzi sikokwanira. Ayenera kutsimikiza kuti palibenso lina. Nditawonjezera kuti mitu ya ziwetozo ndi 7, mayankho ena aja anagwa okha, n'kutsala mbuzi zitatu ndi nkhuku zinayi.

Timakonda kuphunzitsa kuti zinthu ziwiri zosadziwika zimafuna mfundo ziwiri. Lamuloli n'lothandiza, koma ndaona likusocheretsa ophunzira akhama. Ndikanawonjezera kuti theka la miyendo ija ndi 10, mfundo zikanakhala ziwiri pongoziwerenga, koma yachiwiriyo ikungobwereza yoyamba m'mawu ena. Komanso nthawi zina mfundo imodzi imakwanira. Tiyerekeze kuti wogulitsa mpunga ali ndi timatumba ta makilogalamu 5 ndi ta makilogalamu 7, ndipo wagulitsa makilogalamu 24 osamasula ngakhale kamodzi. Yesani njira zonse, mupeza kuti anagulitsa tiwiri tating'ono ndi tiwiri tokulirapo, palibenso njira ina. Chatseka mpatawo ndi mfundo imene sitiiwerenga ngati mfundo, yakuti kathumba sikagawidwa pakati.

Okonda sudoku, masewera odzaza manambala a 1 mpaka 9 m'timabokosi popanda kubwereza nambala mumzere umodzi, amalidziwa vuto lomweli. Pa timabokosi 81, sudoku yabwino imayenera kukhala ndi yankho limodzi lokha, ndipo mu 2012 Gary McGuire wa ku University College Dublin, yunivesite ya ku Ireland, ndi anzake awiri anatsimikiza mothandizidwa ndi makompyuta kuti palibe sudoku ya manambala 16 olembedwamo kale poyambira imene ili ndi yankho limodzi. Ochepetsetsa ndi 17. Komatu n'zotheka kudzaza timabokosi 77 n'kutsala tinayi tokha, mayankho n'kukhalabe awiri. Kuchuluka kwa zimene wapatsidwa sikutsimikiza kuti zakwanira.

Ndagi imene ndimaikonda koposa ndinaisungira tsiku lotsatira. Si yanga ayi, ndi yakale ndipo imakambidwa m'mayiko ambiri. Amuna awiri amene anasiyana kalekale akumana pamsewu, ndipo wina akufunsa mnzake zaka za ana ake atatu. Bamboyo akuti, "Mukachulukitsa zaka zawo mupeza 36, ndipo mukaziphatikiza mupeza nambala ya nyumba ili patsidyayo." Mnzakeyo akuyang'ana nyumbayo, akuganiza pang'ono, kenaka akuti, "Achimwene, zimenezi sizikukwanira." Bamboyo akuwonjezera kuti, "Wamkulu amaimba kwaya kutchalitchi." Pomwepo mnzakeyo akutchula zaka za ana onse atatu.

Kalasi yonse inadandaula kuti ndawapatsa ndagi yosatheka, popeza nambala ya nyumbayo sindinaitchule, ndipo kuimba kwaya kulibe chochita ndi masamu. Ndinawapempha kuti asathamangire kuweruza, koma tiyambe talemba magulu onse a manambala atatu amene akachulukitsidwa amapereka 36. Alipo 8 okha. Gulu la 1, 1 ndi 36 likaphatikizidwa limapereka 38. La 1, 2 ndi 18 limapereka 21. La 1, 3 ndi 12 limapereka 16. La 1, 4 ndi 9 limapereka 14. La 2, 3 ndi 6 limapereka 11. La 3, 3 ndi 4 limapereka 10. Otsala awiriwo, la 1, 6 ndi 6 komanso la 2, 2 ndi 9, onse amapereka 13.

Apa m'pamene pagona nkhani. Ife sitinaione nyumbayo, koma mnzake wa bambo uja anaiona ndi maso ake. Nambalayo ikanakhala 14, kapena 21, kapena ina iliyonse imene ikutuluka kamodzi kokha pamndandandawo, iye akanayankha nthawi yomweyo. Kukakamira kwake kukutiuza kuti pakhomopo panalembedwa 13. Motero kulephera kwa munthu wodziwa kuwerengera kwasanduka mfundo yachitatu, imene sinalembedwe m'manambala koma ili m'nkhanimo. Kwayayo ilibedi ntchito; liwu lofunika ndi lakuti "wamkulu", limene likuchotsa banja la mapasa a zaka 6 ndi kamwana ka chaka chimodzi, n'kutisiyira mwana wa zaka 9 ndi mapasa a zaka ziwiri. Ndinaona nkhope zingapo zikuwala pamene izi zinamveka, ndipo mnyamata wina wokhala kumbuyo anabwerera yekha ku mndandanda uja kuti atsimikize kuti 13 yokha ndiyo ikubwerezedwa.

Ndinkaganiza kuti phunziro latha, koma mtsikana wina anakweza dzanja mwaulemu nati, "Aphunzitsi, kwathu kuli mapasa, ndipo tonse timadziwa amene anayamba kubadwa. Ameneyo ndiye timati wamkulu." Ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa mwanayo ananena zoona. Ngati mapasa a zaka 6 ali ndi wamkulu pakati pawo, ndiye kuti mawu omaliza a bambo uja sanachotse gulu lililonse, ndipo mayankho akadali awiri. Ndagiyi imayenda pokhapokha womva atavomereza mwakachetechete kuti ana ofanana zaka alibe wamkulu, chinthu chimene m'mabanja mwathu sichili choncho. Mtsikanayo anachita ndendende zimene ndinawaphunzitsa dzulo lake: anaonetsa yankho lachiwiri logwirizana ndi mawu onse a funso, ndipo potero anatsimikiza kuti zimene tinapatsidwa zinali zoperewera.

Tinatenga mphindi zotsalazo kukonza ndagiyo pamodzi. Ena anafuna kuti bamboyo angonena kuti mapasawo ndi ang'ono, koma tinaona kuti zimenezo zikuulula zambiri n'kuchotsa kukoma konse. Pomaliza tinagwirizana kuti anene kuti, "Wamkulu anali atayamba kale Sitandade 1 pamene abale ake ankabadwa." Mapasa a zaka 6 sangakwane m'mawu amenewa, chifukwa palibe amene amayamba sukulu mnzake wobadwa naye tsiku limodzi asanabadwe, pamene mwana wa zaka 9 anali ndi zaka pafupifupi 7 nthawi imene mapasa a zaka ziwiriwo ankabadwa. Ndaisintha kale m'kope langa lokonzekera maphunziro, ndipo kalasi ya chaka chamawa idzaimva m'mawu atsopanowa.