Masabata atatu ndikusewera pa 60Hz osadziwa

Loweruka

Lero ndachita manyazi. Monita ija achimwene anandibweretsera kuchokera ku Joni, ya 144Hz (yotha kusintha chithunzi ka 144 pa sekondi), yakhala ikuyenda pa 60Hz masabata atatu onsewa. Ine n'kumauza anzanga kuti eee, zinthu zasintha, chithunzi chikungoti myaa. Maso ankangondinamiza.

Wandiululira ndi mnzanga amene timamenya naye Counter-Strike 2, gemu yowomberana ya pa kompyuta. Anafika masana magetsi atangoyaka, n'kugwedeza mawusi kawiri basi, n'kuyamba kuseka. "Aise, iyitu ndi 60." Ndinatsutsa. Titalowa mu Advanced display ya Windows, 60 ija inali phee pamenepo. Kenako tinapeza china: monitayi ili ndi FreeSync ya AMD, yothandiza monita kuyendera limodzi ndi khadi la zithunzi, koma khadi langa ndi GTX 1660 ya Nvidia, ndipo ziwirizi zimamvana pa DisplayPort, osati pa HDMI yomwe ndinalumikiza. Chingwe chake chinali m'katoni pansi pa bedi, chisanamasulidwe n'komwe.

Pa 60Hz chithunzi chatsopano chimabwera pakapita mamilisekondi 16.7, pa 144Hz ndi 6.9. Papepala zimaoneka zachibwana. Koma mdani akangosuzumira pakona, dzanja limadziwa.

Mkangano unabuka pa masetingi. Iye ndi wa chipani cha fps_max 0 (osaika malire a mafuremu, zithunzi zomwe khadi limatulutsa pa sekondi), V-Sync (yoletsa chithunzi kung'ambika) ayi, chilichonse chozima, akuti akatswiri amatero. Tinayesa pa mapu a Mirage. Mafuremu ankakwera kupitirira 200, koma wina akangoponya utsi pa mid, pakati pa mapuwo, ankagwa kufika cha m'ma 110, ndipo ndikatembenuka msanga chithunzi chinkang'ambika pakati, khoma la m'munsi kutsogola, la m'mwamba kutsalira. Mafani nawo kulira ngati chigayo. Akatswiriwo makina awo si ngati anga.

V-Sync payokha ndinangoipirira raundi imodzi. Kung'ambika kunatha, koma mawusi inalemera ngati ndikuvundula phala, chifukwa mafuremu amaima pamzere kudikira monita.

Chomwe ndakhazikikapo n'ichi: G-Sync (ya Nvidia, yomwe imayendetsa FreeSync ija) yoyaka, V-Sync yoyaka, ndi Reflex, setingi ya Nvidia yochepetsa kuchedwa kwa mawusi. Zitatuzi zikakhala pamodzi, Reflex imagwira mafuremu pa 138 yokha. Mnzanga anati ndikutaya mafuremu aulere. Koma G-Sync imagwira ntchito pokhapokha mafuremu ali pansi pa 144, monita n'kumatsatira khadi m'malo moti khadi lizidikira monita. Ukangodutsa malirewo, wabwerera ku V-Sync yolemera ija. N'chifukwa chake amene alibe Reflex amadziikira okha 141. Ine 138 yosatekeseka ndaikonda kuposa 200 yodumphadumpha. Utsi ukabwera mafuremu amatsikabe, koma sindikumvanso kugwedezeka kuja.

Iye sanagonje. Akuti kwawo asiya fps_max 0 mpaka kalekale, ndipo chilungamo chake, kompyuta yake ndi yamphamvu, mwina akulondola.

Madzulo tinalowa gemu yeniyeni. Seva ndi ya ku Johannesburg, ping yanga (mamilisekondi ofikira ku seva n'kubwerako) lero inali cha m'ma 50, ndipo imeneyo palibe setingi yoichotsa. Tinaluza 13 kwa 9. Ndinafunafuna choti ndinamizire, monita ili bwino, chingwe chatsopano, mafuremu ali nji. Mnzanga anangondiyang'ana.

Ndinati tibwereze kamodzi, magetsi n'kuthima. Amayi panja akuti nsima yazizira kalekale.