Zomwe chitini choyezera mvula chikuonetsa za phiri la Zomba

Ntchito yoyeza mvula pakhomo pano ku Matawale yafika poti ndikhoza kuyerekeza kope langa ndi la mnzanga amene amayeza ku Jali, ndipo chomwe chikuonekera poyera n'chakuti mawu oti "mvula ya ku Zomba" satanthauza mvula imodzi. Pali masiku amene kuno madzi amasefukira m'ngalande pamene iye walemba kuti kunangochita mawawa, chonsecho mtunda wa pakati pathu si wautali.

Chipangizo changa n'chitini chosapindika m'mbali, chimene kukamwa kwake n'kofanana ndi pansi pake, chifukwa chikakhala chotero kuya kwa madzi pa rula ndiko kuchuluka kwa mvula. Milimita imodzi imatanthauza lita imodzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ndinachikhazika pa njerwa, kutali ndi mtengo wa mango ndi denga la malata, ndipo ndimawerenga m'mawa uliwonse nthawi ya 8 koloko dzuwa lisanamwe madziwo. Rula ndimailowetsa choongoka, diso n'kuliika molingana ndi pomwe yanyowa, kenaka n'kutaya madzi pamodzi ndi inswa zomwe zimagweramo usiku wa mvula yoyamba.

Kusiyana kwa makope athu kukuchokera ku phiri. Tawuni ya Zomba ili pokwera mamita oposa 900 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Mpweya wachinyontho ukaomba phiri umakakamizika kukwera, ndipo pokwerapo umazizira pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse mpaka chinyontho chija chisanduka mitambo. N'chifukwa chake m'miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba kuchokera kumwera chakum'mawa, Ku Chawe, pamwamba pa phiri, kumakutidwa ndi nkhungu ndi chiperoni, chigwa cha Chilwa kuli mbee. Mvula ya chiperoni imandivuta kuyeza, pakuti imanyowetsa zovala pachingwe tsiku lonse koma m'chitini simufika ndi milimita imodzi yomwe. Pamenepo ndimangolemba kuti kunagwa timadontho.

Ambiri okonda zanyengo amafunsa ngati kuyeza kotereku kungaonetse kusintha kwa nyengo. Maganizo anga n'ngakuti ayi, osati msanga, popeza akatswiri amafuna zaka 30 kuti anene nyengo yokhazikika ya dera. Napolo anagumula phiri lino mu December 1946, ndipo nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, kotero zoopsa sizinayambe lero. Komabe sayansi yake njomveka: mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyontho choonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndiye mvula ikati igwe imakhuthuka yambiri pakanthawi kochepa. Namondwe Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anatsatizana, kenaka El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumasokoneza kagwedwe ka mvula, anabweretsa ng'amba yomwe inachititsa boma kulengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pachifukwa chimenechi ndawonjezera danga m'kope lolembamo maola amene mvula yagwa komanso masiku ouma otsatizana, chifukwa chiwerengero cha pamwezi chimabisa ng'amba imene imapha chimanga chikamamasula.

Chotsatira n'kupeza munthu wodalirika wokhala pamwamba pa phiri, kufupi ndi damu la Mulunguzi, amene angalole kusunga chitini chachitatu chofanana ndi chathu n'kumatumiza ziwerengero pa WhatsApp m'mawa uliwonse, chizimalupsa chisanagwe mu October.