Tayi inandichotsa pa jury

Kalata itabwera yoti ndikakhale pa jury, gulu la anthu wamba amene amagamula m'khoti ngati woimbidwa mlandu ndi wolakwa kapena ayi, ndinalengeza paliponse, mpaka kwa amayi ku Dedza. Iwo anamva kuti ndakhala jaji, ine sindinawawongole. Kuno ku England mayina amangowatola m'kaundula wa ovota, ndipo ife Amalawi timalembetsa nawo chifukwa cha Commonwealth. Ukainyalanyaza kalatayo, chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Koma ine kuthawa? Suti ndinasita kawiri.

Lolemba m'mawa, pasiteji ya basi pafupi ndi khoti, ndinapeza mnyamata akulimbana ndi tayi ngati akumanga mbuzi yolusa, manja ali njenjenje. Chisoni chinandigwira. Ndinamumangira bwinobwino, kumuwongola kolala, n'kumugawira mandasi amene ndinatenga kuti ndidye masana. Ine ndimati akupita ku intaviyu ya ntchito, ndiye ndinamusisita paphewa: "Usaope iwe, lero ndi lako. Wosankha ndikanakhala ine, bwenzi utadutsa kale."

Pakamwa ipa!

Masana anatilowetsa m'khoti anthu 15. Kalaliki amatola timakhadi n'kumaitana mayina mpaka akwane 12, langa linatuluka lachinayi. Ndinakhala pampando mwaulemu wonse, kenako ndinaponya maso kuseri kwa galasi, kumene kumakhala woimbidwa mlandu. Tayi ija. Mfundo yake ya manja angawa. Mnyamatayo, m'malo mozolika, anandimwetulira mano onse pamtunda, n'kundikwezera chala chachikulu.

Potsatira lamulo la 1988, loya wa woimbidwa mlandu sangangochotsa munthu pa jury chifukwa nkhope sinamusangalatse. Pamafunika chifukwa chooneka chakuti munthuyo angakondere. Changa chinali cholendewera pakhosi pa munthu, khoti lonse likuona. Loya wa boma anadzuka msangamsanga mpaka wigi inapendekeka.

"Mumadziwana ndi munthu uyu?" anafunsa jaji.

"Ayi bwana, ndangomumangira tayi basi."

"Munalankhulana chilichonse?"

Kunama m'khoti sindikanatha. Ndinabwereza mawu aja onse, ndipo mantha anandiululitsa ndi za mandasi zomwe, zimene sanandifunse n'komwe. Jaji anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndithu. Ndinatuluka ndisanagwire ngakhale Baibulo lolumbirira, kubwerera kuchipinda chodikirira, m'mimba muli pululu.

Usiku amayi anaimba foni: "Nanga ajaji, mlandu wayenda bwanji?"

Ndinati, "Amayi, woimbidwa mlanduyo anatchena kuposa onse."